Mwana Wachinayi wa Faustina

Khobidi lija linakhala m'botolo la mafuta a azitona zaka khumi ndi chimodzi lisanafike m'manja mwa Ornella Ciafardini. Mwini wake, Don Egisto, analigula kwa wogulitsa zakale ku Campobasso pamodzi ndi ena makumi awiri, onse atamatidwa ndi dothi louma gwa ngati mwala. Enawo anayera kalekale. Ili lokha, lalikulu ndi lolemera kuposa anzake, linakana. Ndiye analiponya m'mafuta n'kuliika pamwamba pa kabati kuti dothi lifewe. Linafewadi, koma mochedwa. Pamene linkayamba kung'aluka, matenda a shuga anali atawadya kale maso, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu basi.

Analibweretsa Loweruka lina m'mawa kwa Nunzia, m'kachipinda ka kuseri kwa malo ake ogulitsira khofi, mmene osonkhanitsa makobidi akale a Aroma a m'tauni ya Larino amakumana Loweruka lililonse. Alipo asanu ndi awiri: amuna asanu ndi mmodzi, ndi Ornella.

"Nella, uyu ndi mkazi wanga wachiwiri," anatero Don Egisto akupapasa tebulo kuti aikepo botololo. "Ndakhala naye zaka zonsezi osamuona nkhope. Musambitse, ndimukhudzeko ndisanafe."

"Aaa, Don Egisto, inu mwakhala mukufa chikwatirire ine," anatero Gualtiero wometa tsitsi, amene pakamwa pake sipatseka ngakhale m'tchalitchi. "Suti yanga ya maliro ndinatopa nako kusita."

"Isunge, udzavala pamaliro a tsitsi lako. Wometa wadazi, ndani angamukhulupirire?"

Onse anaseka. Ornella anakweza botolo lija chakuwindo. M'mafutamo, amene anali atasanduka obiriwira, munali chinthu chakuda chonga mwala wa mumtsinje. Kukula kwake kunkaonetsa kuti ndi sesterzio, khobidi lalikulu la mkuwa limene limadzaza pakati pa chikhatho.

"Miyezi iwiri," anatero. "Ndipo musamandiimbire foni tsiku lililonse."

Ornella anagwira ntchito zaka makumi atatu ku Termoli yopanga mano oikirira. Theka la nkhalamba za m'chigawocho zimatafuna buledi ndi ntchito ya manja ake. Iye ndiye ankatsukira gulu lonse makobidi ovuta, ndipo anali atachita zimenezi zaka makumi awiri. Wina ankamuthokoza ndi botolo la vinyo, wina ndi chibenthu cha tchizi, ndipo zinkamukwanira. Chimene ankachikonda kwenikweni chinali kumva amuna aja akuuza alendo kuti, "Ili linadutsa kwa Ornella," monga mmene munthu amanenera kuti mwana wake anabatizidwa ndi bishopu.

Ntchitoyi ili ndi lamulo limodzi lokha. Mkuwa ukagona m'nthaka zaka mazanamazana umamera khungu, lobiriwira kapena lodera, limene eni ake amalitcha patina. Wotsuka amachotsa dothi mpaka kufika pakhungu limenelo, n'kuima pomwepo. Chimene nthaka inadya chinapita. Amene walowetsa mpeni mkati kuti abwezeretse tsitsi la mfumu kapena chilembo chofufutika salinso wotsuka, ndi wonama, ndipo khobidi lake, ngakhale likhale lenileni la Aroma, odziwa amalikankhira pambali ngati dzira losukusa. Lamulo limeneli Ornella ankaliphunzitsa ena chala chili m'mwamba.

Anayamba Lolemba, patebulo la pawindo la kukhitchini, diso lili pa maikulosikopu yake yakale ya kuntchito. M'mawa uliwonse maola awiri, kuwala kukadali kwabwino: kamtengo kansungwi kosongola, madzi, kaburashi, ndipo pouma kwambiri kampeni kopyapyala. Sabata yachitatu panatuluka khutu. Kenako tsitsi lopotedwa bwino n'kumangidwa mfundo pankhongo, chibwano chonenepa pang'ono, ndi zilembo zozungulira m'mphepete. Anali Faustina, mkazi wa mfumu Marko Aureliyo, mayi amene anabereka ana oposa khumi.

Kuseri ndiye kunali kokoma. Panaima mzimayi wamtali atanyamula makanda awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ilo. Kumapazi kwake, mbali ya kumanja, kamtsikana kanali katakweza manja kufuna kunyamulidwa nako. Ornella ankaudziwa mtundu umenewu: ana amakhala anayi, awiri m'manja, awiri pansi. Aroma anaupanga kuti aliyense wogula buledi kapena mchere adziwe kuti nyumba ya mfumu ili ndi mbumba. Koma mbali ya kumanzere, pamene panayenera kuima wachinayi, panali chotupa chofiirira, cholimba.

Masiku atatu anachipala chotupacho pang'onopang'ono, akuyembekezera kuona kamutu. Tsiku lachitatu masana anadziwa kuti pansi pake palibe kanthu. Mchere wa m'nthaka unalowa pamenepo n'kudya mwanayo yense, n'kusiya chibuma cha mkuwa wovunda. Ana atatu ndi chipsera. Si tsoka lalikulu. Makobidi ambiri amatuluka choncho, mwini wake n'kungopukusa mutu, n'kuliika m'bokosi.

Pambuyo pake Ornella anayesa kudziuza kuti anachita chifukwa chowamvera chisoni mkulu uja. Linali bodza, ndipo ankadziwa. Zoona zake n'zakuti kampeni katakhudza chibumacho anamva kuti chikudulika bwino, ngati phula limene ankasemera mano, ndipo zala zake zinayabwa. Anatsegula dirowa mmene munali zitsulo zake zakale. Buku la zithunzi za makobidi linali m'chipinda china, masitepe khumi okha, koma sanapite kukalitenga, chifukwa kulitsegula kukanakhala kuvomera chimene akuchita. Anasema za m'mutu. Pamene belu la tchalitchi chachikulu linkalira faifi koloko, pamalopo panali pataima kamtsikana. Dzanja limodzi kanagwira nsalu ya mayi ake, mutu kanatembenuzira kumbali, kuyang'ana kunja kwa khobidi, monga mmene amaimira ana podikira basi. Kanali kokongola kuposa kanzake ka Aroma.

Mizere yatsopanoyo inkawala. Anaphika dzira mpaka kulimba, n'kuliphwanyira m'botolo, n'kutsekeramo khobidilo masiku awiri kuti mpweya wa dzira udetse mabala. Kenako anapakapo phula pang'ono. Njira imeneyi anaidziwa powerenga za mmene amagwidwira anthu achinyengo.

Loweruka analipereka litakulungidwa m'kansalu. Don Egisto analiika pachikhatho, chala chachikulu n'kuyamba ulendo wake.

"Ndi mzimayi. Tsitsi lomanga kumbuyo. Faustina wamng'ono! Takulandirani, mayi, mwachedwa." Analitembenuza. "Mmodzi. Awiri. Atatu." Chala chinatsetserekera kumanzere. "Anayi! Onse alipo! Nella, Mulungu akusungire manja amenewo."

"Tabweretsani kuno tione, enafe maso tinabwera nawo," anatero Gualtiero, n'kuika galasi lake lokulitsa padiso. "Eee, koma kunyumba kwa mfumuyi kunalibe wailesi yakanema eti? Chaka ndi chaka mwana. Nanga ka kumanzereka kanyanyaliranji? Kakukana kuyang'ana amake. Kaya anakamana switi."

Don Egisto anatembenukira kumene kunkachokera mawu a Gualtiero.

"Bwereza."

"Ndati kanyanyala. Kakuyang'ana kumbali, dzanja kagwira nsalu."

"Manja sikanakweze?"

"Ayi ndithu."

"Celestino, tsegula buku."

Celestino wa kufamase, munthu wosakonda zolankhula amene amasunga mabuku a gululo, anatsegula. Pachithunzi atsikana onse awiri anali atayang'ana mayi awo, manja m'mwamba. Anatsegula buku lina, chimodzimodzi. Anatulutsa foni n'kuyamba kuona zithunzi za makobidi a mtundu umenewu amene anagulitsidwapo ku Roma, ku Munich, ku London. Khofi anazizira m'makapu. Atadutsa zithunzi zoposa zana anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Palibe," anatero.

Aroma ankasema chidindo chilichonse chodindira makobidi ndi manja, ndipo chikatha ankasema china. Motero nthawi zina mmisiri ankasinthako kanthu. Kupeza khobidi la chidindo chimene palibe anachilembapo m'buku ndilo loto la aliyense wa anthu amenewa. Sikulemeretsa munthu. Kumangoika dzina lake m'munsi mwa tsamba, m'tizilembo ting'onoting'ono, mpaka kalekale. Don Egisto anakhala zaka makumi anayi pawindo la positi ofesi akudinda makalata a anthu ena, ndipo dzina lawo linali lisanasindikizidwepo paliponse.

Ornella anayang'ana kamtsikana kake pakhobidi lija. Mpata wonena unali womwewo. Amuna aja akanamukalipira, Don Egisto akanakwiya sabata imodzi, mwina n'kutha. Koma Nunzia anali atalowa kale ndi botolo la vinyo wotsekemera ndi timatambula, Gualtiero anali atawapsompsona mkulu uja pamphumi, ndipo Ornella anakweza tambula yake pamodzi ndi anzake. Vinyoyo anatsika kukhosi ngati kwinini.

Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse masana ankapita kwa Don Egisto kukawalembera. Iwo ankayendayenda m'chipinda akugwira mipando, akunena, iye akutayipa pa kompyuta. Ankafuna nkhani ya masamba anayi yoti akailankhule pamtima pamsonkhano wa osonkhanitsa makobidi a m'chigawo chonse, ku Campobasso, Lamulungu lomaliza la Meyi. Okonza msonkhanowo anawapatsa mphindi khumi.

Ndipo Lachitatu lachiwiri anamulandira ndi ganizo.

"Nella, tamvera. Khobidi si chithunzi chabe, ndi kalata ya mfumu yopita kwa anthu osadziwa kuwerenga. Chilichonse chili pamenepo ndi mawu. Tsono Faustina anaika ana angati m'manda? Oposa theka. Ine ndikuti chaka chimene khobidili linkapangidwa, m'nyumba ya mfumu munali mutagwa maliro a mwana wamkazi. Lamulo linabwera kwa mmisiri: sema ana anayi. Anasema anayi, sakanakana. Koma munthu uja anali ndi mtima. Wachinayiyo anamutembenuza. Akuchoka, Nella. Dzanja likadali pansalu ya amake, koma maso ali kale kunjira. Lemba."

Ornella analemba. Analemba za "mmisiri wosadziwika wa ku Roma, amene dzanja lake linali lofewa kuposa la anzake". Analemba ndi zala zomwe zija.

"Walemba?"

"Ndalemba."

"Mawu ako akumveka ngati wadya ndimu. Sukugwirizana nazo?"

"Ndi ganizo lokongola."

"Sindinafunse ngati ndi lokongola."

"Don Egisto, bwanji tidikire chaka chamawa? Tifufuze bwinobwino."

"Chaka chamawa ndidzakhala ndikumufunsa Faustina mwini wake. Lemba."

Pobwerera kwawo ankayenda njira yozungulira, akusinkhasinkha. Pamsonkhanopo padzabwera pulofesa wa ku Napoli, amene Celestino anamulembera kalata ndi kumutumizira chithunzi. Pachithunzi cha foni mabala saoneka. Koma pa maikulosikopu ya munthu woteroyo, mzere wosemedwa dzulo ndi mzere wodindidwa zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo n'zosiyana ngati mbuzi ndi galu. Adzaona m'mphindi imodzi, pamaso pa holo yonse, mkulu wakhungu ataima poteropo osadziwa chifukwa chake anthu akhala chete. Ndipo akapanda kuona, ndiye kuti kamtsikana ka Ornella kalowa m'mabuku, ophunzira n'kumakalemba pamayeso. Sanadziwe choipa kwambiri pa ziwirizi.

Nanga akaulula? Nkhani sikhalanso ya khobidi limodzi. M'mabokosi a amuna asanu ndi mmodzi aja munali makobidi mazana amene anadutsa patebulo lake. Onse anali oyera, akanalumbira pamanda a mayi ake. Koma wosema kamodzi, ndani angakhulupirire kuti ndi kamodzi?

Anayesa njira yamantha. Anapempha kuti alitenge khobidilo kwa sabata imodzi, ati akalipake phula lina. M'mutu mwake munali zoipa: kuligwetsera m'ngalande, n'kunena kuti lasowa m'basi. Don Egisto anagwira thumba la pamtima la jekete yawo.

"Ngakhale Papa atapempha, ayi. Ili lilowa nane m'bokosi."

M'tauni nkhani inali itawanda. Nunzia anamata chithunzi cha khobidilo pakhoma, pafupi ndi kalendala ya timu ya mpira. Don Egisto anapereka suti yawo kwa telala kuti aichepetse, popeza matenda anali atawawondetsa. Ndipo Ornella sakanadutsa pakhomo pa Gualtiero osamva liwu lake likutuluka pamodzi ndi fungo la sopo.

"Imirirani nonse, akudutsa azamba a kwa mfumu! Mayi Ornella, mpongozi wanga akuyembekezera, simungatithandize? Inu mumatulutsa mwana ngakhale m'mwala!"

Ornella ankakweza dzanja osatembenuka. Patebulo la pawindo panayamba kukhala fumbi. Maikulosikopu anaiphimba ndi nsalu yopukutira mbale kuti asamaione.

Lachitatu lomaliza, kutatsala masiku anayi, anawapeza atameta, akununkhira mafuta a kwa Gualtiero.

"Pulofesa wayankha," anatero asanamulonjere n'komwe. "Celestino wandiwerengera pafoni. Akubwera ndi makina ake. Akuti ngati zili zoona, azilemba m'magazini yawo. Koma akufuna kapepala kochokera kwa amene analitsuka: unagwiritsa ntchito chiyani, nthawi yaitali bwanji, unapeza zotani. Ndi mwambo wawo. Mizere isanu basi, n'kusayina. Khala pansi ndikuuze zolemba, iwe sudziwa kudzitama."

Anakhala pansi.

"Ine, Ornella Ciafardini, wa ku Larino, ndinatsuka khobidili kuyambira Januwale mpaka Malichi. Walemba? Ndinagwiritsa ntchito madzi, kamtengo kansungwi ndi kampeni, pochotsa dothi lokha. Walemba? Sindinakhudze mkuwa, ndipo sindinawonjezerepo kanthu."

Mabatani a kompyuta anasiya kulira.

"Nella? Chazima chimakina chakocho?"

"Kamtsikana kaja ndi kanga."

"Wati chiyani?"

"Wachinayi uja. Panalibe kanthu pamenepo, Don Egisto. Nthaka inamudya. Panatsala chibuma, ine n'kusemapo mwana ndi zitsulo za mano. Mabala ndinadetsa ndi dzira."

Kunja kunadutsa njinga yamoto. Don Egisto anapapasa mpando n'kukhala. Anatulutsa khobidilo m'thumba, chala chachikulu n'kupita molunjika kumanzere. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Ndi kadzanja komwe?"

"Ndi kadzanja komwe."

"Nsaluyi?"

"Nsalu ya mayiyo ndi ya Aroma. Pamene kagwirapo ndi ine."

"N'chifukwa chiyani unakatembenuza?"

"Sindinayang'ane m'buku."

Anaseka kamodzi, kuseka kouma, mano amene Ornella yemweyo anawapangira n'kuonekera.

"Sunayang'ane m'buku. Miyezi iwiri ndakhala ndikulira maliro a mwana wa mfumu, chikhalirecho ndi mayi wa mano amene sanayang'ane m'buku." Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Unandimvera chisoni? Unati kankhalamba kakhungu aka tikapatse chidole?"

Bodza limenelo linali pafupi, ndipo linali lofewa. Ornella analisiya.

"Ayi. Ndinkafuna kuona ngati ndingathe."

"Bola. Ukanati chisoni ndikanakugenda ndi kapu iyi, ndipo sindikanaphonya." Anakankhira kapuyo pambali. "Nanga masiku onse aja? Ine ndikubwebweta ngati wamisala, iwe phee, ukungolemba."

"Ndinkaopa."

"Ine?"

"Loweruka."

Don Egisto anagwedeza mutu. Zimenezo anazimvetsa.

"Ndikachotse?" anafunsa Ornella. "Ndikhoza kupala mpaka patsale chipsera chokha."

"Usalikhudzenso. Bala limodzi lakwana." Analiika patebulo n'kulikankhira kutali ndi chala chimodzi. "M'bokosi langa muli makumi anayi ndi atatu amene unatsuka iwe. Unasemapo angati?"

"Palibe. Ili lokha."

"Ndidziwa bwanji?"

Don Egisto anaweramira kutsogolo.

"Ndikufunsa zenizeni, Nella, sindikukunyoza. Ndidziwa bwanji? Maso ndilibe. Chalachi ndinkachidalira, lero wandionetsa kuti nacho n'chitsiru. Khobidi langa la mfumu Hadiriyano la ngalawa lija, opalasa aja ndimawawerenga m'mawa uliwonse ndisanamwe mankhwala. Angati ndi a Aroma, angati ndi ako?"

"Onse ndi a Aroma."

"Ukutero ndiwe." Anatembenuzira nkhope kuwindo, kumene ankaonako kuwala pang'ono. "Fufuta zimene walembazo. Ulembere pulofesa, m'dzina lako, osati langa. Umuuze asavutike kunyamula makina. Ndipo Loweruka ukanene wekha. Ine sindikakuthandiza ngakhale liwu limodzi."

Analemba kalatayo pomwepo n'kuiwerenga mokweza. Atafika pamene analemba kuti "ndinakonzako pang'ono", Don Egisto anamenya tebulo.

"Unasema. Lemba kuti unasema."

Analemba. Potuluka anaona suti ija itapachikidwa kuseri kwa chitseko, ikadali m'pepala la telala. Don Egisto sanamuperekeze pakhomo.

Loweruka anafika woyamba. Anadikira kuti onse akhale pansi ndi kuti Nunzia atuluke, n'kuimirira. Ananena zonse mwatsatanetsatane: chibuma, zitsulo, dzira, phula. Anapepesa kamodzi n'kukhala pansi.

Gualtiero anatsegula pakamwa, aliyense n'kudikira nthabwala, koma anangoti, "Mayi inu," n'kutseka. Celestino anali atabwera ndi kabotolo ka mafuta kokhala ndi makobidi atatu koti amupatse akatsuke. Kanali patebulo pakati pawo. Anakakokera kwa iye pang'onopang'ono n'kukabwezera m'thumba.

"Chaka chatha ndinasinthana khobidi langa la mfumu Trajano ndi dokotala wina wa ku Isernia," anatero Amilcare, mphunzitsi wopuma pantchito amene amakhala kumapeto kwa tebulo. "Ndinamutsimikizira kuti palibe mpeni unakhudzapo. Ndinati linadutsa kwa Ornella. Tsono ndimuimbire?"

"Trajano wanu ndi woyera, aphunzitsi."

"Ee, ndamva," anatero Amilcare, osamuyang'ana.

Don Egisto anali atabwera ndi bokosi lawo lathabwa, limene sankalitulutsa m'nyumba. Analitsegula n'kukoka thireyi yoyamba.

"Tamverani. Sindinabwere kudzakhululuka, ndipo sindinabwere kudzapachika munthu. Celestino, tenga galasi lako ndi pepala. Gualtiero, kokera tebulo pawindo. Iwe Nella, khala uko, manja pamiyendo. Sukhudza. Tizikuonetsa limodzilimodzi, uzinena mmene linabwerera ndi zonse zimene unalichita, Celestino aziyang'ana. Tikatha anga tiyamba a Amilcare, kenako a enawa."

"Zimenezotu zifika Khirisimasi," anatero Gualtiero.

"Uli ndi kopita?"

Tebulo linakokedwa. Celestino anakweza loyamba ndi zala ziwiri, khobidi la Nero, kuseri kwake kuli kachisi wa zitseko zotseka. Ornella anaweramira kutsogolo, dzanja lake n'kunyamuka lokha. Analibweza pamwendo.

"Ili linabwera ndi dothi loyera, lachoko," anatero. "Madzi masabata atatu, kenako kamtengo. Pachitseko cha kumanja pali kabowo. Ndinakapeza, ndinakasiya."

Celestino anayang'ana nthawi yaitali, n'kulipendeketsa kuti kuwala kugwere chammbali, n'kuyang'ananso. Analemba dzina la mfumu ndi mawu a Ornella monga anawanenera. Kumapeto kwa mzere sanachonge. Anasiya mpata, n'kutambasula dzanja kutenga lachiwiri.